Kabelu ka a Ursula

A Ursula ndinawadziwa kalekale kwathu ku Ngabu, asanayere. Ndanena dala chonchi chifukwa anthu a m'tauni muno ankayesa kuti anabadwa ndi khungu la papaya lija. Ayi ndithu. Anali akuda bii ngati ife tonse a kuchigwa, kuda kokongola, ali ndi kampata m'mano, ndipo akamaimba kwaya anyamata ankaiwala kugwada. Bambo awo anali akatekisiti. Ine ndinali mwana, ndinkawanyamulira ndowa pochokera ku mjigo, iwo n'kumandipatsa masawu.

Atalemba Fomu 4 anabwera ku Blantyre kwa amalume awo ku Chitawira, n'kuyamba ntchito yotsuka mitu ya anthu mu saluni ina ku Limbe. Pa Khirisimasi anabwera kumudzi Chisena ataiwala, ambulera ili m'manja ngakhale kunalibe mvula, ati dzuwa la kwathu limawononga. Kenako anangosiyiratu kubwera. Mayi awo ankangoti, "Ali pa ntchito ya chipatala," anthu n'kumayesa kuti ndi anesi.

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 7. Ndinakwatiwa ndi a Raphael, amene amagwira ntchito m'nyumba yosungira katundu ku Limbe, ndipo tinadzakhala ku Bangwe. Mwana wathu Tisungeni atangoyamba kukwawa, khungu lake linayamba kuvuta. Linkayabwa, kukhakhala, kusweka m'mikono ndi kuseri kwa mawondo, mwana n'kumadzikanda mpaka magazi. Kuntchito kwa bambo ake kuli sikimu ya chipatala, ndiye anatitumiza ku kiliniki ina ya khungu ku Mandala, nyumba yakale yopakidwa penti yoyera, maluwa mbali zonse.

Tsiku loyamba ndinalowa khomo la kutsogolo, poti ndi limene ndinaliona. M'katimo munali mozizira ngati m'filiji. Munali masofa, TV, tiyi wa m'makapu oonekera m'kati, ndi azimayi awiri onunkhira akuseweretsa mafoni. Pa kauntala panakhala munthu woyera mbuu, tsitsi mpaka m'mapewa. Sindikanawazindikira, koma anamwetulira mmodzi wa azimayi aja, ine n'kuona kampata kaja.

Anali a Ursula! Ine ndine wamanyazi, koma ndinalimba mtima n'kuwapatsa moni wa kwathu.

"Muli tani, achemwali?"

Sanayang'ane ine. Anayang'ana mikono ya Tisungeni, kenako mapazi anga.

"Mwabwera za chiyani, mayi?"

"Mwanayu khungu lake..."

"A zilonda ndi kuseri. Mutuluke, mukhote kumanzere, pali kageti."

Ndisanafike n'komwe pachitseko ndinamva fyuu, fyuu kumbuyo kwanga. A Ursula ankapopera mankhwala onunkhiritsa pamalo pamene ndinaima.

Kuseriko kunali benchi la matabwa pansi pa malata, pafupi ndi mpopi, jenereta ndi mabini. Anthu anali atandandalika, wina wa chilonda chosapola pamwendo, wina mnyamata wachialubino khosi litapsa ndi dzuwa, ena atafunda zitenje kumaso. Bambo wina wachikulire wa kachipewa koyera anandisunthira. Anali a Abdala, atelala a ku Limbe, manja awo osendeka ngati chinangwa.

"Takulandirani ku Ndirande, mayi," anatero. "Uko mwachokeraku ndi ku Nyambadwe. Khoma ndi limodzi, koma musadzalumphenso."

Anthu anaseka. Ine ndinangowerama.

Apo m'pamene ndinaphunzira kayendetsedwe ka malo aja. Dokotala anali mmodzi. Ife odwala tinali ndi Lachinayi m'mawa basi, masiku ena onse anali a anthu ofuna kukongola, a makwinya, a timadontho, a kuyeretsa nkhope, amene amalipira pompopompo osadikira za sikimu. Komatu ngakhale Lachinayi lathulo silinali lathu. Pa kauntala ya a Ursula panali kabelu. Galimoto ikangoima kutsogolo, madamu n'kutsika, a Ursula ankaliza kabeluko, ngelengele, ndipo adokotala ankasiya aliyense amene akumuona kuchipinda cha kuseri n'kuthamangira kutsogolo.

"Ine anandisiya manja ali m'mwamba ngati ndagwidwa ndi apolisi," a Abdala anandiuza. "Ndinadikira mpaka mapewa kuwawa. Pobwera anandifunsa kuti, kodi paja vuto lanu ndi mapazi?"

A Zione, mayi amene ankakolopa pa kilinikipo ndipo ankachapira chikolopa chawo pa mpopi wathu uja, ndi amene anatiuza kuti nzeru ya kabelu inali ya a Ursula eni ake. Kale ankachita kudzuka kukagogoda, ndiye anaona kuti madamu akudikira nthawi. Anabwera nako kuchokera kunyumba. Nditakamva kachiwiri ndinakazindikira. Kanali kabelu kakale ka bambo awo, kamene kankalira ku tchalitchi kwathu pa nthawi yokweza Ukaristia. Kwathu kakalira anthu ankagwada. Kuno kakalira adokotala ankathamanga.

Sindinganame, adokotala aja ntchito amaidziwa. Tsiku limene anamuona Tisungeni bwinobwino, mankhwala amene anatipatsa anathandiza, mwana anayamba kugona. Koma tsiku lotero linkabwera mwa mwayi ngati minibasi yopanda anthu. Ulendo wina ndinali nditamuvula kale mwana, ali pa tebulo, adokotala atangogwira kamkono kake, kabelu ngelengele. Anapita. Ndinaima pamenepo mwana ali maliseche, akunjenjemera, ndikuopa kumuveka kuti mwina abwera pompano. Kenako anabwera anesi kudzati, "Akuti mupitirize mafuta omwe aja." Potuluka ndinamva kwa a Zione kuti madamu amene anatilanda adokotalayo anali ndi kachiphuphu kamodzi pachibwano, ndipo Loweruka kunali bridal shawa ya mwana wa mchemwali wawo. Kachiphuphu kamodzi! Ndinayang'ana mwana wanga, ndinasowa poyambira kuwerenga.

Tsono a Ursula ntchito yawo yeniyeni sinali kabelu kapena foni. Ntchito yawo inali nkhope. Pa benchi pathu panali zenera la magalasi opendeka loona ku kauntala, ndiye tinkaonera zonse ngati filimu. Madamu akamakayika, adokotala ankawatengera kwa a Ursula.

"Taonani Ursula wathuyu. Mukudziwa kuti ndi wa ku Lower Shire? Simungakhulupirire."

A Ursula n'kumatembenuza tsaya uku ndi uku ngati nkhuku ya pamsika, akumwetulira. Mafuta ankawapatsa ulere. Ankayenda ndi ambulera kuchokera pa siteji mpaka pageti. Cholembera chimene wagwira munthu wa kuseri ankachipukuta ndi sipiriti. Ife sankatitchula mayina, ankati "a pa benchi." Ine miyezi yonse ija sanandionetse ngakhale ndi diso lokha kuti akundidziwa, chikhalirecho ankaona dzina la kwathu pa khadi la mwana.

Zinayamba kusokonekera pamene adokotala anaganiza zoika chikwangwani chachikulu pamsewu wa ku Limbe, chokhala ndi nkhope ya a Ursula. Munthu wina akanangothokoza. Iwo anaona kuti sanayere mokwanira. Tsiku lina ndikugula tomato mumsika wa Limbe ndinawaona pa benchi la mayi wina wogulitsa mafuta aja amabisa pansi pa tebulo, opanda pepala, othira m'timabotolo. Anali atatsitsa ambulera mpaka kumaso, koma nsapato zawo ndinkazidziwa. A Zione anadzatiuza kuti ankasakaniza mafuta a mumsikawo ndi a adokotala m'botolo limodzi, kuvundula ndi supuni ngati akukonza chigumu, n'kumadzola m'mawa ndi madzulo.

Poyamba anayeradi, mpaka mitsempha kuoneka. Kenako m'masaya munayamba kuda. Osati kuda kwathu kuja ayi, koma kuda kwa pansi pa mphika, kotuwa, kwa madonthomadontho. Anayamba kupaka paudala wambiri. Sabata iliyonse paudala ankakhuthala, a Abdala n'kumati, "Pulasitala wafika pa windo levulo tsopano, kwatsala kufolera."

Chinawaulula ndi dzuwa la Okutobala. Lachinayi limenelo magetsi anazima, jenereta inakana kulira, ndipo makina oziziritsa kutsogolo kuja anaima. Anatsegula mazenera onse. Panafika madamu ena a ku Nyambadwe, a magalasi akuluakulu, amene ankabwera kawirikawiri. Adokotala monga mwa chizolowezi anawatengera ku kauntala.

"Taonani Ursula wathuyu..."

Thukuta linali litatsika kuchokera pachipumi, litakumba tingalande mu paudala muja, ndipo pansi pake pankaoneka zonse. Madamu aja anavula magalasi, anasendera pafupi.

"Dokotala, mafuta ake ndi omwewa mukundipatsa inewa?"

Madamu ananyamula chikwama n'kutuluka.

Sabata yotsatira pa kauntala panali kamtsikana kena, Daisy, koyera kobadwa nako. A Zione anati a Ursula awauza kuti akapume kaye kunyumba. Nkhope ikachira abwerere pampando wawo, ikapanda kuchira basi. Ndiye kuti ntchito yawo yonse inatsamira pa chinthu chimodzi, chakuti adokotala awaone n'kuwapatsa mankhwala. Anthu ankati adokotala anakwiya ndi za mafuta a mumsika zija, ndipo anawauza kuti akafuna thandizo abwere Lachinayi ngati wina aliyense.

Anabweradi. Tinawaona pa zenera akulowa khomo la kutsogolo, atamanga duku mpaka m'masaya, magalasi akuda kumaso. Daisy anaimirira mwaulemu.

"Anti, a zilonda ndi kuseri. Mutuluke, mukhote kumanzere..."

"Iwe, ukudziwa kuti ndine ndani?"

"Eee anti, ndikudziwa. Koma muli makasitomala muno."

Fyuu, fyuu.

Anazungulira, kudutsa pa mabini, n'kudzaima patsogolo pathu. Benchi linali lodzaza. Palibe anasuntha. Ine ndi manyazi angawa sindinathe kupirira kuona munthu wa kwathu ataima chonchija, ndinamunyamula Tisungeni n'kumuika pamiyendo. A Ursula anatulutsa kansalu m'chikwama, anayala pa thabwa, n'kukhala cham'mphepete.

"Takulandirani ku Ndirande, madamu," anatero a Abdala. "Lendi yake ndi yotchipa kuno, koma madzi ndi a pa mpopi umodzi."

Tisungeni, poti mwana sadziwa kanthu, anatambasula dzanja kuti agwire ndolo zawo. A Ursula anadzikokera kumbali.

"Mayi, tamugwirani mwanayo. Zinazi n'zopatsirana."

Ndinawayang'ana m'masaya muja. Ndinangomubweza mwana wanga.

Mzere unayenda bwino tsiku limenelo, poti makasitomala aja atapita kutsogolo kunatsala kopanda anthu. A Abdala analowa n'kutuluka ndi mankhwala. Ine ndinalowa, adokotala anamuona Tisungeni mpaka kuseri kwa mawondo, anati khungu likubwerera. Potuluka sindinapite. Ndinakhalanso pa benchi ngati ndikuyamwitsa, chifukwa wotsatira anali a Ursula.

Anesi anaitana. "Wotsatira!" Osati dzina, chikhalirecho anagwira nawo ntchito limodzi zaka zonsezi. A Ursula anaimirira, anapinda kansalu kawo, analowa. Chitseko cha chipinda chija sichitsekeka bwino, ndiye ndinkaona. Anakhala pampando. Anavula magalasi, anamasula duku pang'onopang'ono. Adokotala anayatsa katochi kawo, anawagwira chibwano n'kuwatembenuzira ku zenera.

Kunja kunamveka galimoto ikuima pa miyala.

Ngelengele.

Adokotala anazimitsa katochi.

"Dokotala, chonde, ndi ine," a Ursula anatero. Mawu ake anali aang'ono, a ku Ngabu enieni.

"Ndikubwera, Ursula. Iwe ukudziwa mmene timachitira."

Anatuluka. A Ursula anadikira nkhope ili pamtunda, duku lili m'manja. Kutsogolo kunkamveka kuseka ndi kulira kwa masupuni m'makapu. Inabweranso galimoto ina, kabelu kanaliranso. Daisy anali ataphunzira msanga, dzanja lake linali lopepuka kuposa la eni ake. Dzuwa litafika pamutu anabwera anesi.

"Akuti a pa benchi otsala mubwere Lachinayi."

A Ursula anatuluka atafunda chitenje kumutu ngati anzathu ena aja. Tinatulukira limodzi pa kageti, iwo patsogolo, ine pambuyo ndi mwana kumsana. Ambulera anali ataiwala pa benchi, ndipo sanabwerere kukaitenga. Ndinkati mwina pamsewu anditchula dzina, mwina afunsa za kumudzi.

Pageti lalikulu tinakumana ndi mayi wina wachilendo, thukuta lili kamukamu, atabereka mwana wa zilonda m'mutu. Ankalunjika khomo la kutsogolo, poti ndi limene analiona. A Ursula anaima. Anayang'ana mutu wa mwanayo, kenako mapazi a mayi ake, n'kutulutsa dzanja m'chitenje muja kuloza kumanzere.

"Mayi, mukupita kuti? A zilonda ndi kuseri."