Chombo cha a Ambrosi

A Ambrosi ankasoka nsapato pansi pa mtengo wa mango ku Bangwe, pafupi ndi pokwerera minibasi. Anabwera kuno ali mnyamata, pothawa nkhondo ku Mozambiki, ndipo kwawoko kunalibenso wowadziwa. Mkazi anamwalira, mwana analibe. Chawo chinali kachipinda ka lendi kuseri kwa nyumba ya mayi Mildred, ndi buku limodzi lachingerezi limene anagula m'mbali mwa msewu ku Limbe.

Koma bukulo abale! Pachikuto panali chinthu chonga lichero chikuuluka mumdima, pansi pake chimunthu chobiriwira, maso ngati mbale. Chonsecho nkhani yake inali ya anthu wamba amene dziko lawo linapsa, nakwera chombo kupita kunyenyezi kukafuna pokhala. A Ambrosi ankawerenga pang'onopang'ono, chala pamzere, poti Chingerezi chawo chinali chotola kukhitchini kwa mzungu, komanso maso anali atayamba kuchita nkhungu. Ana akaweruka kusukulu ankawaunjirira, iwo n'kumawafotokozera m'Chichewa pamene chombo chafika. Kalisto, mwana wa mayi Mildred, sankajomba.

Ndiye Kalisto anadwala. Thupi litatentha anayamba kubwebweta: "Agogo Ambrosi akuti tikwere, tikupita kunyenyezi."

Basitu, kwatha. Ku Bangwe mphekesera sidikira minibasi kuti idzaze. Pofika masana pakhomo panali patadzaza anthu, ena miyala ili m'manja. Mayi Mildred anali atalowa kale m'kachipindako n'kulipeza buku pansi pa pilo.

"Bambo inu, ichi n'chiyani? Si ndege ya ufiti iyi? Mukundiphunzitsira mwana m'nyumba mwanga momwe?"

"Mayi, ndi nthano chabe," anatero a Ambrosi. "Pali ana asukulu pano. Wina awerenge tsamba limodzi lokha, chonde."

Analipodi, anyamata a Fomu 4, ena mataye ali m'khosi. Palibe anatambasula dzanja. Ndani angakhudze buku la mfiti anthu akuona? Sukulu yonse ija inathera m'matumba a mathalauza, zamanyazi zedi.

A Ambrosi anagwada pafumbi, munthu wa imvi kugwadira mayi wa msinkhu wa mwana wawo. Mantha anawagwira kwambiri, osati a miyala, koma a kusowa kolowera.

"Ndipita kuti ine, mayi? Kwathu kulibe. Ng'ambani chikutocho muchiotche, zam'katimo zilibe mlandu. Mwanayo thamangani naye kuchipatala, amenewo ndi malungo."

"Mwamva? Ndi matenda omwe akuwadziwa!" anakuwa wina kumbuyo.

Mwala woyamba unawapeza paphewa. Mayi Mildred, poopa magazi pakhomo pawo, anati asiyeni, koma dzuwa lisawalowere pano. Buku analithira palafini n'kuliyatsa lonse. A Ambrosi anali atatsala ndi masamba ochepa okha. Anthu a m'chombo aja anali atangoona kadziko kena patali.

Tsiku lomwelo mayi Mildred anapita naye Kalisto kuchipatala, anamupeza ndi malungo, anamwa mankhwala n'kuchira. Anthu anati: mwaona, mfiti yangochoka, mwana wadzuka.

A Ambrosi anasenza kabokosi ka zida zawo kupita ku Machinjiri. Mwini nyumba ina ya lendi kumeneko anawayang'ana kumutu mpaka kuphazi: "Si inu a ndege aja?" Ku Ndirande anagona sabata, nkhani inawapeza. Ku Chilomoni sanawatsegulire n'komwe geti.

Lero amagona pakhonde la sitolo ku Limbe, alonda akawamvera chisoni. M'mawa uliwonse amanjuta pamene anyamata amayala mabuku akale, n'kumatembenuza limodzilimodzi, nkhope pafupi ndi chikuto, kufunafuna lichero lija. Tsiku lina wogulitsa anatopa nawo.

"Madala, simugula, mumangondidetsera katundu. Mukufuna chiyani kwenikweni?"

"Pepa mwana wanga," anatero a Ambrosi. "Ndimangofuna ndidziwe ngati anthu aja anawalandira kumene anapitako."