Kathumba ka Ufa pa Phiri la Zomba

Dzulo pagalaja ndinamva fungo la oyilo wotentha ndi chikopa cha mipando yakale, mtima n'kuthawira kwathu ku Mtiya.

Ndili mwana, achemwali anga atangotenga laisensi anagula kagalimoto kobiriwira ka ku Mangalande, kakale kuposa iwo eni. Amalume anaseka mpaka misozi. "Kameneka kakwere phiri? Mukagona komweko!"

Loweruka tinanyamuka kukakwera phiri la Zomba, ine kumbuyo, amayi kutsogolo atafumbata kathumba ka ufa. Nditauona ufawo ndinalira chamumtima. Ndinati basi, amalume anena zoona, tikaphika kutchire.

Kagalimoto kankabuula pakona iliyonse, mpando ukundiwotcha miyendo, fungo la mitengo ya paini likulowa pawindo. Achemwali anangoluma mlomo, phazi osalichotsa. Kenaka msewu unaleka kukwera, tauni yonse ili pansi pathu.

Amayi anatsika n'kumasula kathumba kaja. Anawakhuthulira achemwali ufa wonse kumutu, monga timachitira ndi wopambana, nthungululu ili pakamwa.

"Mwana wanga wakwera! Achimwene anga akamve!"

Ndadzamvetsa ndili wamkulu: ufa uja amayi anautapa injini isanalire n'komwe.