Dzina la Bambo pa Pepala la a Mbewe

Ndikakumbukira a Mbewe, ndimamva fungo la guluu losakanikirana ndi la anyezi ndi tsabola amene Amwenye a m'nyumba yapansi ankakazinga masana alionse m'mafulati athu a ku Parklands, mumzinda wa Nairobi. Khomo lawo linkapenyana ndi lathu. Anali mkulu wa imvi, mkazi wawo anamwalira kale, ndipo ankamasulira zikalata ku bungwe limene bambo anga, a Nkhoma, ankagwirako ntchito. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, koma maso ndinali nawo kale.

Ali mnyamata anaphunzira ku America, n'kutengako nthenda imodzi: mpira wakumeneko, uja wooneka ngati papaya, umene amuna ovala zipewa zolimba amathamanga ataukumbatira. Nyengo yake inkayamba mu Seputembala n'kutha chaka chitatembenuka. Mnzawo wina ankawatumizira envulopu ya zodula za m'nyuzipepala ndi kaseti yojambulidwa pa wailesi, zonse zochedwa ndi masabata awiri. Loweruka masana ankamata zodulazo m'buku lalikulu, kaseti ikulalata Chizungu chothamanga, iwo akuiyankha ngati wolengezayo akuwamva. Tikawaseka ankati, "Nkhani yochedwa ndi nkhanibe."

Chaka chimenecho timu yawo, ya malaya obiriwira, inayamba ndi kugonja motsatizana, ndipo a Mbewe ankakwera masitepe ngati akuchokera kumaliro.

"Mwaswera bwanji, achimwene?" bambo ankawafunsa.

"Taswera, koma woponya wathu alibe womutchinjiriza. Akumugwetsa ngati nthochi."

"Mpira wanjinso wogwira ndi manja? Kwathu imeneyo ndi penate!"

Masiku amenewo Amalawi okhala kunja tinkadya limodzi koma osakhulupirirana. Aliyense ankadziwa kuti pakati pathu pali makutu a kumudzi, ndipo mawu olankhulidwa pa tiyi ku Hurlingham, mu Nairobi momwemo, ankatha kukakudikira pabwalo la ndege la kumudzi. Chiphaso choyendera cha bambo chinali pafupi kutha. A boma la kumudzi akanakana kuchikonzanso, ntchito ikanathera pomwepo, kumudzinso kosapondako.

Tsiku lina amayi anandituma kukabweza mbale. A Mbewe anali kukhitchini, ketulo ikulira. Pa tebulo panali pepala lodzaza ma X ndi ma O, mizere ndi mivi, ndipo pansi pa chizindikiro chilichonse panali dzina la mwamuna wina wa kwathu wokhala m'mafulatiwo. Pakati penipeni panali dzina la bambo, lozunguliridwa ndi inki yofiira, mivi itatu ikulilasa. Ndinasiya mbale n'kubwerera kukauza amayi.

"Waona bwino?" amayi anafunsa.

"Ndaona, amayi."

"Tseka pakamwa, usauze munthu."

Ine ndinatsekadi. Iwo anauza amayi awiri a kutchalitchi, aliyense akumulumbiritsa. Pofika Lamulungu a Mbewe anali kazitape. Moni unachepa, ana tinaletsedwa kulowa kwawo, ndipo bambo anayamba kutsika masitepe msanga kuti asakumane nawo.

Eniakewo ngati anazindikira, sanasonyeze, chifukwa nthawi yomweyo timu ija inayamba kupambana. Inapeza anyamata ena oima kutsogolo, woponya uja analeka kugwa, ndipo envulopu iliyonse inkabweretsa chisangalalo chimene chinkamveka kudzera m'khoma. Mu Januwale a Mbewe anagogoda khomo lililonse. "Tafika mu ndime yochotsana! Loweruka mubwere, kaseti sindinaitsegule. Soda ndagula kale ku duka."

Sipanabwere munthu. Ine ndinapita kukasuzumira, osati chifukwa cha chisoni ayi, ndinkafuna kuona chimene kazitape amachita akatsala yekha. Khomo linali lotsegula, mipando isanu ndi itatu itandandalikidwa, mabotolo akuchita thukuta pa tebulo.

"Lowa, Nankhoma. Wabwera kuimirira mtundu wonse?"

Anatenga pepala lija n'kuliyala pamaso panga popanda mantha alionse.

"Ndinakonza kuti anthu amve masewerawa. Mayina a Azungu sangawagwire, ndiye ndinaika athu. Awa ndi bambo ako, woponya mpira. Mivi iyi ndi adani akubwera kudzawagwetsa. Ife asanu apa, ine ndili pakatipa, ntchito yathu n'kuima kutsogolo kwawo basi. Mpira sitiuthamangitsa, nyuzipepala sititchula."

"Bwanji munasankha bambo?"

"Ndi okhawo pano amene amaganiza asanalankhule."

Tinamvetsera kaseti yonse awiriwiri, iwo akusuntha zotsekera mabotolo pa tebulo kuti ndizitsatira. Timu yobiriwira inatsogola mpaka chakumapeto, kenako woponya anagwetsedwa, mpira n'kumupulumuka, basi nyengo yatha. A Mbewe anazimitsa, napukuta magalasi awo. "Chaka chamawa," anatero. "Tenga soda ina ukapatse amayi."

Ndinafotokozera amayi zonse. Anati kazitape aliyense amakhala ndi nthano yake yokoma, ndipo sodayo anaithira m'sinki.

Chiphaso cha bambo chinabwera chokonzedwa, popanda funso. A Mbewe anapita kumudzi kutchuthi cha Pasaka ndipo sanabwerenso. Patapita miyezi tinamva kuti amuna ena anawadikira pabwalo la ndege, akufunsa za pepala la mayina ndi mivi, ndi za msonkhano umene anaitanitsa Loweruka lina ku Nairobi. Pepala limenelo amene analiona ndi ine ndekha. Makutu aja anali pakati pa ife amene tinakana soda.

Seputembala atafika, maenvulopu anayambanso kubwera. Mlonda wa pageti ankawapereka kwa bambo, bambo n'kuwaika pamwamba pa kabati, mpaka mnzawo wa ku America uja anatopa.

Lero ndine agogo, ndimakhala ku Rongai, kunja kwa Nairobi, ndipo adzukulu amati sindikhulupirira munthu. Akunena zoona, kungoti sadziwa kuti ndinayambira pa maso anga omwe. Envulopu imodzi ndikadali nayo, yosatsegula, moti chaka chamawa cha a Mbewe sindikudziwa kuti chinatha bwanji. Mwana akathamangira kwa ine n'kunena kuti, "Agogo, ndaona," ndimamukhazika pansi kaye, n'kumufunsa kuti wauza kale ndani.