Khomo la Bokosi m'Galimoto ya Alamu

Chaka chimene alamu anga, amuna a achemwali, anaganiza zoimira dera lathu ngati phungu, ine ndinali ndi kashedi kowotcherera zitsulo pa Boma. Inali nthawi ija matipate ili m'magazi, aliyense wokhala ndi jekete akudziona kale ali m'nyumba ya malamulo. Bambo anga anali kumudzi kwa Mavwere, akuvutika ndi mphumu. Ikawabuka ankapuma ngati pampu yakutha ya njinga, ndipo chipatala chinali kutali. Nkhawa yanga inali imodzi basi: tsiku loipalo likadzafika, tidzawathamangitsira kuchipatala pa chiyani?

Ndiye tsiku lina alamu anatulukira pashedi ndi galimoto yaitali yotseka kumbuyo, yogula pa okushoni ku Lilongwe. Kuseri kwa mpando wakumbuyo kunali chotchinga cha mawaya okhuthala, chomangidwa ndi mabawuti kudenga ndi pansi, choti katundu asamagwere anthu dalaivala akaponda buleki.

"Alamu, ichi chikundiphera mavoti," anatero akuchimenya ndi chikhatho. "Bokosi silikulowa."

"Bokosi lanji?"

"Lamaliro, nanga lanji? Mnzanga wa chipani chinacho akukolola mavoti pamanda ndi kapikapu kake, ine ndili phee ndi khola la nkhukuli."

Sankanama. Masiku amenewo ndale zinkachitikira pasiwa. Wofuna uphungu ankagula bokosi, kulinyamula yekha, kenako n'kulira mopitirira anamfedwa, polira munthu amene dzina lake analifunsa panjira.

Ine ndinakana. Ndinati amene anaika chotchingacho sanali zitsiru. Apo alamu anatsitsa mawu: "Galimoto iyi ndi yabanja. Apongozi akabanika, ambulansi yawo ndi imeneyi. Inu mungondidulira." Ha! Munthuyo ankadziwa pondigwira. Ndinatenga sowo.

Ntchito ndinaigwira bwino, sindibisa. Ndinadula mbali yakumanzere ya chotchinga, kuyambira pansi kulekeza pakati. M'mphepete ndinawotcherera zitsulo kuti mawaya asamakande vanishi wa bokosi. Chidutswa chodulacho ndinachibwezera ndi mahinjesi awiri ndi loko wa bawuti, chikhale kachitseko. Mpando wakumanzere unkapindika. Pansi ndinagoneka payipi yozungulira kuti bokosi lizingotsetsereka, ndi ngowe zinayi zokolekamo malegeni. Tinabwereka bokosi kwa kalipentala wapafupi kuti tiyese. Linalowa lonse, kumutu kwake kukafika pambali pa dalaivala, moti alamu ankayendetsa atatsamiritsapo chigongono ngati bwana pa tebulo la muofesi.

Miyezi itatu isanathe, galimotoyo inali itadziwika dera lonse. Koma inadziwika moipa. Ikamadutsa, amuna ankavula zipewa. Amayi pachitsime ankatula ndowa n'kufunsana, "Watisiya ndani?" Alamu akaima kuti apatse anthu lifiti, ovota awo omwewo ankati, "Zikomo bwana, tili pafupi," pomwe akupita ku Ludzi wapansi. Iwo ankati kumeneko ndiko kutchuka.

Lamulungu lina anapita nane kumudzi kukadya nkhomaliro kwa apongozi awo, n'kuimika galimoto pakhomo penipeni. Mudzi wonse unkadziwa kuti bambo ndi odwala. Sipanatenge nthawi, tinangomva "Mayo ine! Ababa inu!" kuchokera kumadimba. Amayi a m'mudzimo anabwera atamanga mipango, ena atasenza kale nkhuni. Bambo anali kuseri kwa nkhokwe akusenda mtedza, ndipo anamva maliro awo onse, mpaka mayi wina akulira kuti anali munthu wouma mtima koma Mulungu awakhululukire. Anatulukira ndi lichero m'manja. Olira anabalalika, wina n'kusiya patapata.

Ife tinaseka mpaka kugwira nthiti. Bambo sanaseke. Analoza galimotoyo n'kuuza mkamwini wawo: "Inu, chinthu chanuchi chisadzaimenso pakhomo panga." Kenako anatembenukira kwa ine: "Ndipo iwe, ndamva kuti khomolo unaboola ndiwe."

Tsiku lija ndinkaliopa linafika m'mwezi wa fumbi, cham'mawa. Uthenga unandipeza pashedi, ndipo alamu, ndiwayamike apa, anasiya msonkhano n'kunditenga. Tinawapeza bambo atakhala tsonga pakhonde, milomo itayera, mpweya ukulira mluzu. Ndinatseka kachitseko kaja, ndinadzutsa mpando, ndinayala chitenje cha amayi anga pachotchinga kuti chisaoneke.

"Ababa, tiyeni. Onani, ndatseka. Ndi galimoto wamba."

Anapukusa mutu. "Mmenemo... salowa... wamaso."

Ndinawachonderera. Ndinagwada. Kenako ndinakalipa, ine mwana kukalipira bambo ondibereka pamaso pa mkamwini, ndipo manyazi ake ndili nawo mpaka lero. Titayesa kuwanyamula anakakamira mzati wa khonde ndi manja onse awiri. Amayi anati, "Asiyeni, muwapha ndi mantha. Mangani ng'ombe."

Tinawagoneka pa matiresi m'ngolo, ine nditawachirikiza msana. Alamu ndinawauza kuti azititsatira chapatali, mwina bambo asintha maganizo panjira. Nzeru zanga zimenezo! Anthu m'minda anaona ngolo ikuyenda pang'onopang'ono, munthu atagonamo, galimoto ija ikukwawa pambuyo. Anaponya makasu. Pofika kudambo tinali ndi chigulu kumbuyo, amayi a kwaya atayamba kale nyimbo.

Bambo anandikoka malaya. Ndinawerama.

"Auze... abwerere. Sindinafe."

Ndinaimirira m'ngolomo n'kukuwa kuti ali moyo, bwererani, anthu inu mulibe ntchito kodi? Nyimbo inazima. Pamene ndinkakhalanso pansi, dzanja lawo linali litasiya malaya anga.

Ulendo umene galimoto ikanauyenda kanthawi kochepa, ng'ombe sizinaufikitse ndi theka lomwe. Sitinatume munthu kukalengeza zovuta, popeza olira anali kale pomwepo, atangoima kudikira kuti wina awauze ngati ayambirenso. Alamu anaimika galimoto pambali pa ngolo, misozi ili mbwembwembwe, ndipo tsiku limenelo inali yeniyeni. Anatsegula kumbuyo, koma loko wa kachitseko anali atalimba ndi fumbi, wosatheka. Anthu onse anayang'ana kwa ine, poti ndine ndinkadziwa katseguliridwe kake.