Ababa ndi tintchentche ta m'bokosi la njoka

Mwaswera bwanji nonse.

Lero mwana wanga Tawanda anabwera ndi bokosi lagalasi lija amasungiramo njoka yake, litadzaza tintchentche ting'onoting'ono. Njokayo inali itasiya kudya. Ine ndinatapa fumbi la fodya kuti ndiwazemo, monga tinkachitira m'khola la nkhuku ku komboni ku Glendale.

Ababa anali pampando wawo pakhonde. Mukudziwa kuti masiku ano ngakhale dzina langa analiiwala, amangonditchula kuti sisi. Koma anadzuka n'kundigwira dzanja. "Fodya apha njoka, iwe. Vuto ndi utuchi wonyowawo."

Paja m'zaka za m'ma 80 ndiwo ankasamalira nsato ya mwana wa bwana pa purazi, kufamu kuja, ife n'kumawaseka kuti akununkha njoka.

Ndiye lero ananyamula njoka ya Tawanda ndi manja awiri n'kuiika m'thumba la pilo. Anatiuza titaye utuchi kutali, titsuke bokosi, tiliyanike padzuwa, tiyalemo nyuzipepala youma. Kenako viniga m'kapu ndi kadontho ka sopo, panja pa bokosi. Pofika madzulo kapu inali itada ndi tintchentche.

Atamaliza anamuyang'ana Tawanda n'kunena kuti, "Mbewa yodyetsa njoka ikatsala uziichotsa msanga, mwana wa Esinati." Esinati, abale. Dzina langa, lomwe chaka chino sindinalimvepo pakamwa pawo.

Achimwene a Lameki, inu mumati ababa tiziwasiya azingogona poti palibenso chomwe akudziwa. Tawanda akufuna azibwera ndi bokosi Loweruka lililonse kuti azitsuka limodzi. Ine ndavomera kale. Mukuti bwanji?