Mkonono wanu, bambo a Chisomo

Lero mu minibasi yochokera ku Limbe bambo wina anagona n'kuyamba kuliza mkonono. Anthu onse anaseka, ndi kondakitala yemwe. Ine ndinatsikira panjira misozi ili mbwembwembwe, n'kukafika ku Bangwe wapansi. Bambo a Chisomo, amuna anga, patha chaka chikuikireni m'manda, koma ndinangomva ngati ndinu.

Mukukumbuka Lamulungu lija munaliza mkonono m'tchalitchi ulaliki uli mkati? Ndinakutsinani pantchafu, ndipo pobwerera ndinakukalipirani njira yonse kuti mwandichititsa manyazi pamaso pa anzanga a kwaya. Munayankha chapansipansi kuti, "Mayi a Chisomo, ine ndimagona usiku wonse koma ndimadzuka wotopa, mutu ukuwawa." Ine ndinati ndi ulesi basi. Chonsecho usiku ndinkamva ndekha mpweya wanu ukuima, kenako n'kudzidzimuka ngati munthu wotsamwa. Ndinkangokugundani ndi chigongono n'kutembenukira kukhoma. Kunenepa kwanu ndinkachita kukunyadira, poti apongozi ankandiyamikira kuti ndikukusamalani bwino. Adokotala anadzandiuza mutagwa kale ndi sitiroko kuti kunenepako kunkapanikiza njira ya mpweya pakhosi, ndipo kubanikako kunkakweza BP n'kutopetsa mtima. Bwanji sindinakukokereni kuchipatala Lolemba lake lomwelo? Mukanakana, ndikudziwa, koma bwenzi nditayesako.

Zaka zonse zija ndinkangodandaula kuti mundilole ndigoneko mwabata. Bata lija ndalipeza, amuna anga, koma tulo sitikubwera.