Zikhomo Zofiira Zochokera Kudzala

Fungo la dzala la pamsika ndimalikumbukabe: mapulasitiki opserera, matumbo a nsomba, mabatire otumbuka. Dzuwa la ku Chikwawa likafika paliwombo, fungolo linkatsikira kwathu n'kukakamira m'zovala. Komabe ife tinkayenda mapewa m'mwamba chifukwa cha chitsime. Kuchigwa kuno madzi ambiri ndi amchere, koma chitsime chimene bambo anakumba asanamwalire chinali cha madzi okoma, oyera mbee.

Chilimwe china mng'ono wanga Tereza, yemwe anali atangoyamba kuyenda, ankangotsegula m'mimba. Amayi ankatunga madzi m'chitsimemo, kusungunuliramo shuga ndi mchere monga anawauzira kuchipatala, n'kumamumwetsa ndi kasupuni. Mwana ankangofotabe.

Kenaka kunabwera alendo pagalimoto. Ankakhoma zitsulo pansi mumzere, n'kuzilumikiza ndi mawaya kukabokosi ka batire. Mphekesera inafala yoti akufuna pokumba mjigo, ndipo pamene akhome chikhomo chofiira ndiye pamwayi. Azimayi ena anachita kuwapititsira mazira kuti awakumbukire. Zikhomozo zinayambira kudzala, zinadutsa m'munda wa thonje, ndipo chomaliza chinakhomedwa pambali pa chitsime chathu. Amayi analulutira, Tereza ali lende kumsana, ine ndikuvinavina m'fumbi.

Mayi wina wa m'gululo anavula chipewa n'kuwaitanira amayi pamthunzi. "Pepani mayi, si za mjigo ayi. Timalowetsa magetsi m'nthaka. Madzi oipa ochokera kudzala amadutsitsa magetsi msanga kuposa abwino, ndiye zikhomozi zikulondola njira yawo. Madzi oipawo afika m'chitsime mwanu."

"Koma ndi oyera, mama," anatero amayi, akumuonetsa chikho cha madziwo. "Taonani nokha."

Mayi uja sanayang'ane chikhocho. Anayang'ana Tereza.

Tereza tinamuika mvula isanagwe. Amayi anatseka chitsime ndi minga, tinayamba kumwa madzi amchere a kumjigo wakutali.

Kwa zaka zambiri alendowo ndinkadana nawo ndi mtima wonse. Ndinkati magetsi awo ndiwo anaipitsa madzi a bambo, poti asanabwere chitsime chinalibe mlandu. Lero ndikudziwa kuti iwo anangoona zimene maso athu sakanaona. Chimene chimandiwawabe ndi china: mpaka imfa yawo, amayi sanagwirenso kasupuni kaja, ndipo sanalole kuti kataidwe.